Mdala wa Dazi m'Basi ya ku Kabwata

Okondedwa ba Sisi,

Muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino, mwendo wa amayi unapola.

Loweluka tinakaonela filimu yatsopano ya mtsikana wa ku Libala uja, amene amajambula yekha m'makomboni. Luso alinalo mwanayu. Mdala wa dazi uja alimonso, ulendo uno akulanda katundu wa mkazi wamasiye, mpaka mashini osokela. Amayamba watsokomola asanalankhule, ndendende atate aang'ono pamalilo a atate.

Pobwelela tinamupeza mdalayo m'basi. Anawapatsa amayi mpando, iwo n'kukana: "Bwezani kaye mashini osokela aja!" Mdalayo anaseka, akuti chibadwile sanayamikilidwepo chotelo.

Tumizani magalasi a amayi aja. Akufuna akaionelenso filimuyo, ati mwina ulendo uno abweza.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Tisa