Kasupe Wandigwetsa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti amayi chifuwa chija chawabwereranso ndi kuzizira kwa kuno ku Bembeke.

Ine ndiye zinthu sizili bwino. Mayeso oyeserera a Chingerezi ndalakwa. Anatipatsa ndakatulo yonena za "spring" kuti tifotokoze tanthauzo lake. Ine mawuwa ndinkawadziwa kuti ndi kasupe, ndiye ndinadzaza pepala lonse ndi amayi otunga madzi, ndowa, matope, ndi achule omwe. Ndinatuluka ndikumwetulira.

Pobweza mapepala, aphunzitsi anandiimiritsa. "Tiyamike, galamala yako ndi yabwino, koma madzi onsewa wawatunga kuti? Mlakatuliyu akunena za nyengo yakwawo, imene imabwera chisanu chikatha." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine misozi inali chuchuchu.

Achimwene, nyengo imeneyi ndikanaiona kuti ine? Mukudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi, ndipo abambo anena mosapsatira kuti Fomu 4 sindibwerezanso. Akuti ndikalakwa ndilowe m'munda wa kachewere.

Chonde, ngati kumeneko nyengoyi iliko, ndilembereni msanga. Mitengo imatani? Mphepo imamveka bwanji pathupi? Nanga anthu amasangalala nacho chiyani mpaka kuchilakatulira? Musandiseke, mayeso enieni ayandikira ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mulungu akusungeni pantchito yanu. Mundipemphererenso, chifukwa ndikalephera mudzandipeza pa kasupe yemwe ndinalemba uja, ndowa ili pamutu.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike