Ndowa Yanga Yonunkhira Sopo

Lolemba, 13 Januwale

Mjigo wa pano pa Zemba udakali wofa. Tikutunga ku dambo, madzi ake ofiira ngati thobwa. Anthu onse akusinja njere za chammwamba n'kuthira m'ndowa, matope n'kudikha, madzi mbee. Ine ndekha ndiye ayi. Njere zomwezo, chitsime chomwecho, koma ndowa yanga imangokhala bii mpaka madzulo.

Apongozi, mayi ake a Trywell wanga, asuzumiramo lero. "Dzanja ili lili ndi kanthu." Anenera kumbali koma ndamva. Ndapsa mtima.

Lachiwiri, 14

Zakanikanso. Ndatsuka ndowa kawiri ndi sopo waufa kuti asapeze ponenera. Palibe chasintha.

Lachitatu, 15

Nkhani yafika ku dambo. Ati Idesi mwana wa Agostino adabwera ndi zakwawo ku Mozambiki. Zakwathu ziti? Ine ndidabadwira pa Mlolo pompa, Mozambikiyo ndimangoimva kwa atate!

Mwana wa alamu watsegula m'mimba, ndiye mlandu wagwera ine. Apongozi atumiza mawu kwa ankhoswe, abwere Loweruka, ati ndikayambe ndapuma kwathu. Kupuma kotereku timakudziwa, munthu sabwerako. T. wangoti ndifatse. Mwamuna uyu pamaso pa mayi ake amasanduka nkhuku yonyowa.

Ndalira, sindibisa.

Lachinayi, 16

Eee!

Sopo adatha dzulo, ndiye ndowa ndangokwecha ndi mchenga. Ndathira chammwamba mwamwambo chabe, n'kupita kukapalira mtedza. Pobwera, madzi mbee, pansi pa ndowa pakuoneka! Ndakhala pansi n'kuseka ndekha ngati wamisala.

Chasintha n'chiyani? Sopo basi. Pakhomo pano ndine ndekha wotsuka ndowa ndi sopo, enawa amangotsukuluza. Ndipo madzi ovutawa, ndimatsukuluza kamodzi kokha.

Ndathamangira ku kiliniki kwa a Timoti a zaumoyo. Ati n'zoona. Timatope tija n'tating'ono kwambiri, timakankhana tokhatokha, n'chifukwa sitimira. Chammwamba chimatigwirizanitsa, tilemere, tigwe pansi. Koma sopo amakamatira pa timatopeto, kutikuta kuti tisakhudzane, n'kumanganso chammwambacho. "Si ndiyo ntchito yake pochapa, mayi? Litsiro liyandame, lisabwerere pa nsalu." Andikumbutsanso kuti madzi oyera si madzi abwino, tiziwiritsabe.

Ndiye ukhondo wanga womwewu ndiwo umafuna kundithetsera banja. Ha!

Lachisanu, 17

Lero ndiye lero. Ndapempha kasopo kwa Pemphero, mnzanga wa kwaya, ndapita ku dambo nthawi imene amayi amadzaza.

Ndagwada bwinobwino. "Amayi, ndibwerekeni ndowa zanu ziwiri. Mutunge nokha, musinje nokha, muthire nokha. Ine sindikhudza."

"Masewera anji amenewa?"

Koma anthu anali atazungulira kale, akanakana bwanji? Atathira, Pemphero wawaza kasopo m'ndowa imodzi, aliyense akuona. Ine manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

Kudikira kwake! Mumtima ndikuti zikakanika pano ndiye ndanyamula katundu lero lomwe. Azimayi achapa, ayanika, wina wayamba kale kundiyang'ana chammbali. Kenaka wina wakuwa, "Taonani!" Ndowa imodzi mbee. Ya sopo ija bii, ndowa ya apongozi eniake, yothira ndi dzanja lawo.

Pemphero pakamwa pake sipatsekeka. "Amayi, kodi nanunso ndinu a ku Mozambiki?" Chiseko chake, wina mpaka wagwetsa beseni. Nthungululu lililili! Ine ndaluma mlomo kuti ndisaseke, koma m'kati ndimavina chimtali.

Apongozi asenza yoyerayo n'kumapita kunyumba. Sindikudziwa ngati ndakonza kapena ndaonjeza moto.

Loweruka, 18

Ankhoswe afika mmawa pa njinga, amalume anga kumbuyo, nkhope zili gwa. Akhala pansi pa mango. T. akungokanda pansi ndi kamtengo. Ine ndamanga kale zovala m'chitenje.

Amalume ayamba, "Tamva kuitana, tati timve mlandu wake."

Apongozi akonza mpango wawo, akhosomola.

"Mlandu wanji? Ndani wanena za mlandu? Ine ndakuitanirani nkhuku." Kenaka atembenukira kwa ine. "Apongozi, mwangokhala? Tagwirani tambala wofiira uja, alendo afa ndi njala."