Akuti Dzina la Bambo Anga N'lofanana ndi la Kaini

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 34. Lachiwiri lapitali mkazi wanga Raya anachira mwana wamwamuna, chisamba chathu. Mdulidwe uliko Lachiwiri likubwerali, tsiku lomwe timatchula dzina, koma m'nyumba mwathu simuli bwino.

Mwambo wathu ife Ayuda a kuno mukuudziwa: mwana wamwamuna woyamba amatenga dzina la agogo ake akuchimuna, iwo akadali moyo. Bambo anga a Nissim ali ndi zaka 79 ndipo tsikuli alidikira nthawi yaitali. Koma Raya kwawo ndi ku Odesa, kumene amatchula dzina la womwalira basi. Apongozi anga a Fira akuti mngelo wa imfa akadzabwera kudzatenga a Nissim aakulu akhoza kusokoneza n'kunyamula khanda. Iwo akufuna dzina la malemu amuna awo, Zalman.

Zinafika poipa Lachisanu madzulo pa chakudya cholowera Sabata. Mlamu wanga Lyova, yemwe masiku ano watengeka ndi zowerengera zilembo za Chihebri ngati manambala, anatulutsa kapepala m'thumba. "Dzina loti Nissim likukwana 160," anatero. "La Kaini nalonso 160. Alamu, mukufuna kulera wopha m'bale wake?" Bambo anaika foloko pansi. "Ine chibadwire sindinaphepo ndi nkhuku yomwe," anatero, chipewa kumutu, ulendo wa kwawo. Ine ndinangoti zii. Pano akuti sadzabwera kudzafungata mdzukulu wawo pa mdulidwe. Raya akungolira. Ndipo kunena zoona, nambala ija ikundivutitsa mumtima. Nanga zikakhala zoona?

M.B., Plovdiv

Bambo M.B.,

Mlamu wanuyo ndi katswiri ndithu, wakwanitsa kuphatikiza manambala anayi popanda womuthandiza. Mukam'funse kuti kapepala kake kanathera pati. Liwu loti "mtengo" m'Chihebri limakwananso 160. Liwu loti "chifaniziro", lija timawerenga kuti Mulungu analenga munthu m'chifaniziro chake, 160 yomweyo. Bwanji amenewo sanawatchule? Anatola Kaini chifukwa akufuna dzina la bambo ake, basi. Makolo athu ankawerengera zilembo pokometsa phunziro, osati poopseza mayi amene wangochira kumene.

Koma inunso musabisale. Munthu akunyoza bambo anu patebulo panu, buledi wanu ali m'kamwa mwake, inu maso m'mbale? Ndiye lero mukundifunsa ngati zili zoona! Akulerani kuchokera kumatewera, koma mukufuna kapepala ka Lyova kakuuzeni kuti a Nissim ndi munthu wotani?

A Fira okha sindiwaseka kwambiri. Ndi namfedwa amene akufuna kumvanso dzina la mwamuna wake likuitanidwa pakhomo. Komabe mngelo wosatha kusiyanitsa nkhalamba ya ndodo ndi khanda loyamwa akanamuchotsa ntchito kalekale. Kuno kwathu agogo ndi adzukulu akhala akugawana maina mibadwomibadwo, ndipo sitinathe.

Lero lomwe tsekani chitseko, mukhale awiri ndi Raya. Mwanayo ndi wanu awiri, si wa bwalo la achibale. Mum'funse ngati angalole maina onse, Nissim Zalman. A rabi akuuzani kuti simukhala oyamba kutero. Mukamvana, pitani kwa bambo anu ndi miyendo yanu, foni ayi. Mukapepese chifukwa cha chete wanu uja, osati m'malo mwa Lyova, kenako muwapemphe adzafungate mwanayo. A Fira akawauze ndi Raya, mwana wawo. Lyova mum'patse ntchito yoyala mipando ya alendo, poti kuwerenga amatha.

Chenjerani, lisakupezeni Lachiwiri musanamvane. Wodula akadzafunsa dzina inu n'kuyamba kuyang'anana, wina adzakuyankhirani, ndipo mwana wanu adzakalamba ndi dzina losankhidwa ndi amene anakuwa kuposa anzake.