Mkazi wa pa Pepala la Zitumbuwa

Loweruka, 6 Meyi 1995

Andikana. Pakhonde pa golosale ku Chezi, anthu akuona. Lamulo la anyamata a pamenepo aliyense amalidziwa: ukabweretsa buku limodzi la makatuni walowa m'gulu, uziwerenga onse a m'bokosi. Langa ndinabweretsa, lija ndinasinthanitsa ndi mtedza kwa mayi wa ku Dzaleka.

Felton, mwini bokosi, n'kuyamba kundipatsa mayeso. Hatchi ya uje dzina lake ndani, mfuti ya uje anaitenga kuti. Ndinayankha zonse. Nanga si amene mlongo wanga Andireya amabwera nawo kunyumba ndimawerenga mobisa? Akuti, "Waloweza bwino Debora, koma atsikana mumangofuna za chikondi. Mutidetsera mabuku ndi mafuta." Onse kuseka. Andireya maso pansi ngati wataya singano.

Buku langa analiponya m'bokosi ndithu. Buku lalowa, mwini wake ayi.

Lachiwiri, 9 Meyi

Ndisaname, mabuku awowo akazi ake amanditopetsa. Wina womangidwa pamtengo, wina wakomoka, wina wanyamulidwa ngati thumba la fetereza. Ntchito kulira basi.

Koma lero! Ndagula zitumbuwa kwa mayi Roza pochokera kusukulu. Pepala lokulungira, mafuta okhaokha. Ndikuti nditaye, ndiye ndamuona. Mkazi wakuda ngati ine, tsitsi lalifupi, wavala buluku. Wabereka mwamuna kumsana, akumutulutsa m'nyumba yoyaka moto. Mwamunayo ndiye wakomoka. Ndinaima pakati pa msewu mpaka wa ngolo anandikalipira.

Mawu ake ndi a Chifalansa, sindikumva kanthu. Zithunzi zokha zikukwanira.

Lachinayi, 11 Meyi

Ndawafunsa mayi Roza. Bukulo anawapatsa ndi Felton, kusinthana ndi zitumbuwa. Felton yemweyo woopa mafuta. Akuti anati ndi buku lopanda ntchito. Iwo amang'amba tsamba limodzi pa kasitomala aliyense, ayamba sabata yatha. Theka lapita kale.

Ndinachonderera. Akuti mapepala akusowa, ndibweretse ena tisinthane. Ndawapatsa makope anga onse a Fomu 1. Amayi akadziwa ndatha.

Ndabwera nalo m'kati mwa bulauzi. Mkazi uja ali ndi njinga yamoto. Amakonza yekha, sipanala pakamwa. Akusaka anthu amene anaba ana a pamudzi pawo. Dzina sindikulidziwa, ndamutcha Esitere. Koma masamba omaliza palibe. Mayi Roza akuti linabwera chomwecho, long'ambidwa kumapeto.

Loweruka, 13 Meyi

Tsiku lonse kudzala la pamsika ngati galu. Masamba angapo ndapeza, ena onyowa. Lina ndinalipeza m'manja mwa bambo wina, tenanti wa ku esiteti, akupichira chingambwe. Ndinafika atasuta kale mutu wa Esitere. Anandipatsa miyendo yokha, akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Anawapeza anawo? Iyeyo anatsala wamoyo? Tsamba lomaliza limene ndili nalo ali pamlatho, amuna amuzungulira, njinga yagwa. Nkhani yathera pomwepo. Chakudya sichikulowa.

Lachitatu, 17 Meyi

Ndinadzichepetsa, ndinapita kwa Felton. Mwaulemu, "achimwene" ndi zonse. Akuti masamba omaliza anawotcha. Akuti, "Mkazi womenya amuna, wabuluku? Ameneyo ndi hule. Pamapeto amamuwombera, ndipo zimamukhala." Mnzake wina akuti matipate abwera ndi zambiri, posachedwapa nkhuku zazikazi ziyamba kulira m'mawa.

Sindinalire pamaso pawo. Ndinamuuza kuti buku langa lija la m'bokosi andibwezere. Akuti cholowa m'bokosi sichituluka, ndipo ndikapitiriza akauza ababa zimene ndikusunga.

Amamuwombera. Mwina akunama. Nanga ngati sakunama?

Lamulungu, 21 Meyi

Felton wanena. Anauza bambo ake, bambo ake n'kuwauza ababa panja pa tchalitchi, akulu a mpingo anzawo ali pomwepo. Akuti mwana wa mkulu wa mpingo akusunga zithunzi zolaula.

Zolaula! Mkazi wovala mpaka m'mapazi.

Ababa sanandimenye. Bola akanandimenya. Anavundukula mphasa yanga, kutenga masamba onse, osayang'ana n'limodzi lomwe. Akuti boma lingalole mabuluku, koma nyumba ino si boma. Anawapatsa amayi kuti akasonkhezere moto. Amayi analandira ndi manja awiri, atagwada, n'kulowa kukhitchini. Utsi ndinauona.

Andireya anabwera kudzati pepa. Ndamuuza asandilankhule.

Lolemba, 29 Meyi

Palibe cholemba. Sukulu, kumunda, kutsuka mbale. Mayeso a Jogalafe ndalakwa, makope anakulungira zitumbuwa. Ndayesa kumujambula Esitere pamtima, nkhope ikukana. Ndimadutsa kuseri kwa golosale kuti ndisawaone anyamata aja.

Amayi ndikungowayankha "eya" ndi "ayi".

Lachinayi, 8 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Amayi abwera kuchokera ku Chigwirizano, akadali mu yunifolomu yoyera. Ababa anali atapita ku Mvera. Anandiitanira kuchipinda, kutseka chitseko, n'kumasula kansalu kamene amakulungira buku la nyimbo. M'katimo Esitere. Wositidwa ndi simbi, wosokedwa ndi ulusi wakuda pamsana. Tsiku lija anawotcha makalata akale a fetereza.

Ndipo bukulo lanenepa. Masamba amene sindinawaonepo. Kani azimayi a Chigwirizano nawonso amagula kwa mayi Roza. Aliyense anali ndi tsamba lake, wina m'sutikesi, wina kudenga, aliyense akuyesa kuti ndi yekha. Amayi anangofunsa mmodzi ponong'ona, nkhani n'kufalikira. Lero atatha mapemphero anayala masamba pamkeka kuseri kwa nyumba ya mayi Roza, n'kumakangana loyamba ndi liti. Amayi anga, amene dzina lawo amasaina ndi chala. Akuti, "Zithunzi sizifuna sukulu. Uyu akuoneka kuti watopa apa, ndiye tsamba ili ndi lam'mbuyo."

Ndinangokhala pansi. Pepani sanatuluke pakamwa, misozi yokha.

Lachisanu, 9 Juni

Dzulo sindinathe kulemba za masamba omaliza. Alipo. Anabwera nawo ndi mayi ake a Felton. Anawapeza posesa, m'kati mwa pilo wa mwana wawo. Sanawotche. Opindidwa bwinobwino, m'mopinda mwayamba kuthetheka chifukwa chotsegulatsegula. Opanda dontho la mafuta.

Ndiye wakhala akuwayang'ana masiku onsewa, yekha, kenako pakhonde paja n'kumati hule. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, sindikumumvetsa.

Samuwombera. Amadumphira mumtsinje, amatulukira kutsidya. Anawo amawapeza m'nyumba yosungira katundu. Chithunzi chomaliza ali panjinga, ana atatu kumbuyo, wamng'ono wamubereka ndi nsalu. Mwamuna uja anamupulumutsa pamoto waima pamsewu ndi maluwa. Iye akungomubayibitsa, osaima.

Amayi analoza pamenepo ndi chala, n'kuseka mpaka kugwira pakamwa. Sindinawamvepo akuseka choncho. Akuti bukulo si langa ndekha tsopano, liziyenda nyumba ndi nyumba m'kansalu ka buku la nyimbo, sabata ino kwathu, yamawa kwa mayi ake a Felton. Akuti lamulo ndi limodzi, wosamba m'manja aliyense awerenge.

Kenako anayang'anitsitsa njinga ija. Ndimayesa andiuza kuti ndibise. Akuti, "Iwe Debora, chinthu chimenechi munthu wamkazi angakaphunzire kuti kuyendetsa?" Ndinati sindikudziwa, mwina ku Lilongwe, ndikadzamaliza sukulu ndidzafufuza.

Akuti, "Sindikunena iwe."

Belu la njinga ya ababa panja. Ndibise kaye