Mudzandionetse Manda Anga

Nkope, Mangochi

Amalume a Jenikinsi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mwera wavuta ndipo usipa wachepa, komabe tikudzuka.

Sabata yatha kunabwera kalata yanu yochokera ku Amereka, kwa azungu aja munabwera nawo kuchipatala chaka chomwe ndinagonekedwa ndi chifuwa chachikulu. Ndinaitsegula, ndipo sindipepesa. Aphunzitsi a Swadick ndiwo anandiwerengera. Akuti mwana wanga Gloria wakula, wabatizidwa, tsopano dzina lake ndi Hana. Ngati kuti ubatizo wathu wa ku Angilikani kuno unali masanje!

Atafika pakati, aphunzitsi anasiya kuwerenga. Ndinachita kuwakakamiza. Akuti Lamulungu lililonse banjalo limathokoza Mulungu powapatsa mwana wamasiye, ndipo Hana amayatsa kandulo kukumbukira amayi ake amene ali kumwamba.

Amalume, ine ndili kumwamba? M'mawa uno ndimayanika usipa pathandala.

Munati ndidinde chala papepala kuti mwana akaphunzire, azidzabwera pa holide. Zaka zisanu ndi chimodzi zatha. M'chipinda muja munali munthu mmodzi yekha womva Chichewa ndi Chingerezi chomwe. Sindimutchula dzina. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo mpaka lero amanditumizira mavesi pafoni kuchokera ku Joni, akuti chinali chifuniro cha Mulungu.

Mavesi aja musanditumizirenso pafoni. Alembereni azunguwo zoona, mwana wanga azimitse kandulo. Zikakukanikani, bwerani pa Khirisimasi mudzandionetse manda anga, ndikalambulepo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
malemu Esinala