Nandolo mu Fani ya Hita

Lachitatu, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, phiri silinaoneke.

Fani ya hita m'galimoto yasiya kuzungulira. Kuzizira ndingapirire, koma popanda mpweya wake galasi la kutsogolo limachita nthunzi, msewu osaoneka. Mawa m'mamawa ndiyenera kupita ndi apongozi kuchipatala.

Ndinayamba ndi fyuzi, ili bwinobwino. Ndinagwedeza mawaya, ndinamenya dashibodi ndi chikhatho, koma zii. Kenako ndinamasula fani yonse. Munatuluka nandolo wodzaza manja awiri, tinsanza ndi zitosi za makoswe. Waya wina anachita kumuluma mpaka kuduka.

Mkazi wanga anaima pakhomo n'kumaonerera. "Bambo a Chisomo, chikololereni mukugoneka matumba a nandolo m'galimoto poopa akuba. Mumati makoswe asalowe m'nkhokwe?"

Ndalumikiza waya n'kukulunga tepi. Fani ikuzungulira tsopano, ngakhale mpweya wake ukununkha mkodzo wa makoswe. Apongozi atsegula windo akafuna.

Matumba aja, amene ndinawatulutsa pokonza fani, ndawabwezera m'galimoto. Khoswe amatenga manja awiri, wakuba amanyamula thumba lonse.