Mawu a malemu apongozi atsekeredwa m'laputopu yodwala

Aphungu,

Ndithandizeni chonde, mutu wanga waima. Ine ndimakonza makompyuta. Tilipo angapo m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya mafoni, aliyense ndi tebulo lake, mawaya ali mbwee pansi. Ntchitoyi ndinaiphunzira poonera anzanga, ndipo chimene ndimachidziwa bwino ndi kusintha masikirini ndi makiyibodi. Za m'kati mwa disiki ndimangopapasa.

Sabata yatha apongozi anga aamuna anabwera okha kuntchito, atakulunga laputopu yawo m'thaulo ngati khanda. Apongozi aakazi anatisiya chaka chatha. Anali a kwaya, ndipo ankakonda kudzijambula akuphunzira nyimbo kukhitchini, nthawi zina n'kudukiza nyimbo kuti akalipire bambowo posiya chitseko chosatseka. Foni yawo inasowa nthawi ya matenda, choncho zonsezo zatsala m'laputopu imeneyi basi. M'mawa uliwonse bambowo amaiyatsa n'kumasita malaya, akumvetsera mkazi wawo akuimba ndi kuwakalipira. Tsopano ikangoyaka imauma, kenaka sikirini bii.

Anaiika patebulo panga n'kunena pamaso pa anzanga onse kuti, "Mkamwini wangayu ndi dokotala wa zinthuzi. Bambo, mundidzutsire mayi anu."

Nkhani yagona pa fulashi. Pantchito yathu aliyense amayenda ndi fulashi ya mapulogalamu okonzera. Yanga ndinakopera kwa mnzanga wa tebulo loyandikana nalo, amene timamutcha Fomati chifukwa kwa iyeyo matenda onse mankhwala ake ndi kufomata. Kompyuta ikangoyetsemula, wafufuta zonse. Mufulashimo muli mapulogalamu ankhaninkhani, ambiri othyoledwa maloko, ena olonjeza kukonza chilichonse ukangodina kamodzi. Kumene anawatenga ngakhale mwini wake sakumbuka. Iye anandiuza kuti, "Iwe, ika pulogalamu yobweza mafayilo m'laputopumo uisiye ithamange. Zikakanika fomata, madalawo uwauze kuti inali vairasi." Wina akuti ndiyambe ndi yotsuka, wina akuti yokonza disiki. Aliyense akulumbira kuti yake ndiye yeniyeni.

Sindinaikemo kanthu, ndikuopa. Ndimangoiyatsa tsiku ndi tsiku kuti mwina yasintha maganizo, koma ikunka niipiraipira. Dzulo ndinamva ngati kaphokoso m'kati, kaya linali fani la kompyuta ya Fomati, sindikudziwa. Kunyumba mayi a ana amangondiyang'ana osafunsa kanthu, ndipo kusafunsako n'kumene kukundimaliza. Apongozi amaimba foni m'mawa n'kufunsa kuti, "Kodi ayamba kuyankhula?" Ine ndimangoti tikuyesetsa, bambo.

Aphungu, ndisankhe mapulogalamu ati, ndipo ndiyambire iti? Ndikadina molakwa mawu a mayiwa apita mpaka kalekale, ndipo sindikudziwa kuti ndidzalowa ndi nkhope yanji pakhomo paja.

D.K., kuseri kwa sitolo ya mafoni

*

A D.K.,

Musanawerenge mzere wachiwiri, zulani chaja cha laputopuyo ndipo musaiyatsenso. Disiki imene ikufa ili ngati wodwala wofooka: mukamaidzutsa m'mawa uliwonse kuti muone ngati yachira, ndi inu mukuimaliza mphamvu. Mwachita bwino kuopa, ndipo mwachita bwino kufunsa. Safunsa anadya phula.

Fulashi ya Fomati muiike m'dirowa. Mapulogalamu a "dinani kamodzi zonse zitheke" ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo othyoledwa malokowo kawirikawiri amabwera ndi vairasi yawoyawo. Choipitsitsa ndi malangizo oti muike pulogalamu yobweza mafayilo m'disiki yomweyo. Chilichonse chimene mwaika pamenepo chimalemba pa disiki, ndipo chikhoza kulemba pamwamba pa zimene mukufuna kupulumutsa. Yotsuka ndi yokonza nazonso zimalemba ndi kufufuta. Pa disiki iyi, pulogalamu iliyonse yolemba ndi mdani.

Kaphokoso kaja musakaponyere kwa fani la mnzanu. Chotsani disikiyo, muilumikize ku kompyuta ina m'chipinda cha zii, khutu lili pafupi. Mukamva kugogoda kapena kukwecha, zimitsani pomwepo. Pamenepo palibe pulogalamu ingathandize, chifukwa chathyoka ndi chitsulo, ndipo muyenera kupita nayo kwa akatswiri otsegula madisiki. Kutumiza wodwala kwa dokotala wamkulu si manyazi.

Ikakhala chete, ndiye nthawi ya zida zanu, ndipo sizifunika kuchuluka. Gulani fulashi yatsopano, muikemo dongosolo loyatsira kompyuta kuchokera pa fulashi pomwepo, losadalira disiki yodwalayo. Muikemonso pulogalamu yowerenga thanzi la disiki, ndi ina yokopera disiki yonse ku disiki ina. Yokoperayi musankhe imene imadumpha malo oonongeka n'kudzabwerera pambuyo pake, osati yokakamira malo amodzi mpaka disiki itafa. Pezani disiki ina yabwino, yaikulu mofanana kapena kuposa, mukopere zonse kumeneko. Mukatero yodwalayo muikulungenso m'thaulo lija ipume. Pulogalamu yobweza mafayilo muiyendetse pa kope lokha, ndipo zimene yapeza izisunga pa malo achitatu. Mukalakwitsa pa kope, choyambirira chikadalipo.

Zonsezi muzitenge pa tsamba la eni ake amene anazipanga, ndipo zambiri zabwino n'zaulere. Pulogalamu imene simungathe kufotokoza chimene imachita isalowe m'fulashi yanu. Yoyesera memole ndi yosaka mavairasi mudzaonjezera za masiku wamba, lero si tsiku lake. Ndipo musaphunzirire pa apongozi. M'kachipinda kanuko madisiki akale sangasowe. Tengani imodzi muyeserere kukopera mpaka manja azolowere, makamaka posankha disiki yochokera zinthu ndi disiki yolandira, chifukwa mukazitembenuza mudzakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa nyimbo za mayi. Ambiri analirira pamenepo.

Tsopano za "tikuyesetsa, bambo." Mawu amenewo akukudyani chifukwa mwasenza nokha katundu wa banja lonse. Uzani akazi anu lero. Malemuwo ndi mayi awo, ndipo kukhala chete kwawoko ndi mantha omwewo amene muli nawo inu. Kenaka mupite nawo kwa bambo mukawauze maso ndi maso kuti disiki ikudwala kwambiri, mukuigwira mosamala, itenga nthawi, ndipo mwina zina sizipulumuka. Munthu amene anadwazika mkazi wake amadziwa kusiyana kwa dokotala wonena zoona ndi wongosangalatsa. Zoti muwanamize za vairasi, ayi ndithu.

Mafayilo akatuluka, musathamangire kudzitama kwa Fomati. Akopereni malo awiri, kope lina muliike m'foni ya bambowo, lina m'foni ya akazi anu, kuti mawu amenewa asadzagonenso m'nyumba imodzi. Mukapite nawo m'mawa, nthawi yosita malaya.

Koma mpaka disiki yatsopano ndi fulashi yoyera zitakhala patebulo panu, chala chanu chisayandikire batani loyatsira, kaya Fomati akusekeni chotani. Bambo aja anaika kale maliro a mkazi wawo kamodzi. Musawaikitse kachiwiri chifukwa cha phuma.

Phungu wanu